Matenda oopsa a m'matumbo mwa makanda: mmene mabakiteriya amadutsira khoma la matumbo n'kulowa m'magazi

Pakati pa matenda amene amapha ana m'miyezi yoyambirira ya moyo wawo, matenda a m'matumbo obwera ndi mabakiteriya ndi amodzi mwa amene anthu amachedwa kuwazindikira, ndipo chifukwa chake n'chakuti tonsefe tinazolowera kutsegula m'mimba. Munthu wamkulu akadya chakudya chogona amavutika tsiku limodzi kapena awiri, amamwa madzi ambiri, kenako amabwerera ku ntchito zake. Mwana wa zaka zitatu nayenso nthawi zambiri amachira ndi Thanzi ORS ndi zinki. Kuzolowera kumeneku n'kumene kumatisocheretsa tikafika pa khanda la milungu itatu kapena la miyezi iwiri, chifukwa kwa mwana wotere matendawa sakhalitsa m'matumbo mokha. Amaboola khoma la matumbo, amalowa m'magazi, ndipo nthawi zina amafika ku ubongo mayi asanaone ngakhale thewera limodzi la chimbudzi chamadzimadzi.

Chilichonse chimene mwana wameza, kaya ndi mkaka, madzi, kapena dothi la pa chala cha mchemwali wake amene amamusewera naye, chimakathera m'matumbo, ndipo chimene chimalekanitsa zinthu zimenezi ndi magazi ndi mzere umodzi wokha wa maselo, wopyapyala kuposa pepala. Mwa munthu wamkulu mzere umenewu uli ndi alonda ambiri. Asidi wa m'chifu amapha mabakiteriya ambiri asanafike m'matumbo, khoma lenilenilo limakutidwa ndi zonanda zimene zimakola tizilombo, ndipo mabakiteriya abwino amakhala atadzaza kale malo onse moti mlendo sapeza pokhala. Khanda limabadwa alonda onsewa asanakhwime. Asidi wake ndi wochepa mphamvu, matumbo ake sanakhazikitse mabakiteriya abwino, ndipo thupi lake silinayambe kupanga asilikali okwanira oteteza khomalo. Asilikali amene lili nawo m'magazi ndi obwereka kwa mayi kudzera mu nsengwa, ndipo ambiri a iwo amawoloka m'miyezi itatu yomaliza ya pakati. Ichi n'chifukwa chake mwana wobadwa masiku asanakwane amabwera pa dziko ali ndi chitetezo choperewera kawiri, cha m'matumbo ndi cha m'magazi.

Mpata umenewu umatsekedwa ndi mkaka wa m'mawere, ndipo njira imene umachitira zimenezi ndi yodabwitsa. Mayi akakumana ndi mabakiteriya a pakhomo pake, a pa chitsime chake ndi a m'khola la nkhuku zake, thupi lake limapanga asilikali otchedwa IgA olimbana ndi mabakiteriya omwewo, ndipo asilikaliwo amatuluka mu mkaka n'kukamata khoma la matumbo a mwana. Mu mkaka momwemo muli puloteni yotchedwa lactoferrin imene imamanga ayironi kuti mabakiteriya oipa asamupeze, komanso muli mitundu ya shuga imene mwana sangathe kuigaya n'komwe. Shuga ameneyu ndi chakudya cha mabakiteriya abwino otchedwa Bifidobacterium, ndipo amanyenganso mabakiteriya oipa kuti amamatire kwa iye m'malo momamatira ku khoma, n'kutuluka naye m'chimbudzi. Mkaka woyamba wachikasu uja, umene m'madera ena amaufinyira pansi poganiza kuti ndi woipa, ndi umene uli ndi asilikali ochuluka kuposa mkaka wina uliwonse. Choncho n'zodetsa nkhawa kuti kafukufuku wa dziko lonse wa za chiwerengero cha anthu ndi umoyo wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 61 okha pa 100 alionse osakwana miyezi 6 m'Malawi ndi amene ankayamwa mwakathithi, pamene mu 2010 anali 71.

Palinso nkhani ya madzi. Pafupifupi magawo atatu mwa anayi a thupi la khanda ndi madzi, ndipo thupi likataya gawo limodzi mwa 10 a kulemera kwake, moyo umakhala pa chiswe. Kwa khanda la makilogalamu atatu, gawo limenelo ndi mamililita 300 okha, muyeso wa botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi. Mwana amene akutsegula m'mimba, kusanza ndi kukana bere angathe kutaya madzi amenewa usiku umodzi.

Mabakiteriya amene amachita zimenezi

Mu 1885, dokotala wa ana wa ku Germany, Theodor Escherich, anafotokoza bakiteriya amene ankamupeza m'chimbudzi cha makanda, ndipo bakiteriyayo ndi amene lero amatchedwa Escherichia coli, kapena E. coli. Mitundu yake yambiri imakhala m'matumbo mwathu mwamtendere, koma m'zaka za m'ma 1940 madokotala a ku Britain anatsimikiza kuti mitundu ina ndi imene inkabweretsa miliri ya kutsegula m'mimba yopha makanda m'zipatala. Mtundu umene umatchedwa EPEC umamamatira ku khoma la matumbo aang'ono n'kufafaniza timizu tosaoneka ndi maso timene timayamwa chakudya, kotero kuti mkaka umangodutsa osalowa m'thupi, ndipo mwana amatha kutsegula m'mimba kwa milungu iwiri kapena kupitirira uku akuonda. Mtundu wina, ETEC, suwononga khoma, koma umatulutsa poizoni amene amalamula maselo kuti azikhuthulira madzi ndi mchere m'matumbo, monga mmene amachitira bakiteriya wa kolera.

Shigella, amene anapezedwa ndi Kiyoshi Shiga wa ku Japan kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, ndiye mwini wa kamwazi. Iye amalowa m'kati mwa maselo a matumbo aakulu n'kupanga zilonda, ndipo n'chifukwa chake chimbudzi chimatuluka pang'onopang'ono, chosakanizika ndi magazi ndi zonanda ngati mamina, mwana akulira ndi kudzikanya. Mabakiteriya 10 mpaka 100 okha ndi okwanira kudwalitsa munthu, moti dzanja looneka loyera lingathe kuwanyamula. Campylobacter amachokera makamaka ku nkhuku ndi zitosi zake, ndipo mwa makanda nthawi zina amangoonetsa magazi m'chimbudzi popanda kutentha thupi.

Kafukufuku wamkulu wotchedwa GEMS, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2013 m'magazini ya The Lancet, anatsatira ana oposa 9,000 otsegula m'mimba kwambiri m'malo 7 a mu Africa ndi Asia, kuphatikizapo Manhiça ku Mozambique. Anapeza kuti tizilombo tinayi, rotavirus, Cryptosporidium, ETEC ndi Shigella, ndi timene tinkayambitsa matenda ambiri, koma kwa ana osakwana chaka, EPEC ndi ETEC ndi amene ankayenderana ndi imfa. Rotavirus si bakiteriya, ndi vairasi, ndipo katemera wake anayamba kuperekedwa m'Malawi mu October 2012, pa milungu 6 ndi pa milungu 10. Katemerayu anachepetsa ana ogonekedwa m'chipatala, koma sateteza ku mabakiteriya, ndipo kholo lisaganize kuti madontho awiri aja anatseka nkhani yonse ya m'mimba.

Salmonella wa ku Blantyre

Bakiteriya amene amaonetsa bwino kuopsa kwa khoma losakhwima ndi Salmonella, ndipo zambiri zimene dziko likudziwa za khalidwe lake mu Africa zinapezeka m'Malawi momwe muno. Ku Ulaya ndi ku America, Salmonella amene si wa taifodi amadziwika ngati matenda a mazira ndi nyama yosapsa, otsegulitsa m'mimba masiku angapo n'kutha okha. Koma kuyambira mu 1998, pamene chipatala cha Queen Elizabeth ndi bungwe la kafukufuku la Malawi-Liverpool-Wellcome anayamba kuyeza mosalekeza magazi a odwala otentha thupi, zinaoneka kuti kuno bakiteriyayu ali ndi khalidwe lina. Salmonella Typhimurium ndi Salmonella Enteritidis anali pakati pa mabakiteriya opezeka kwambiri m'magazi a ana ndi a akuluakulu amene ali ndi HIV, ndipo odwala ambiri sankatsegula m'mimba n'komwe. Ankabwera ndi thupi lotentha, kuchepa magazi, kupuma mofulumira ndi kutupa kapamba, zizindikiro zimene aliyense angaziyese malungo kapena chibayo. Pafupifupi mmodzi mwa odwala asanu alionse ankamwalira.

Mu 2009 akatswiri oona za chibadwa cha tizilombo anasonyeza kuti Salmonella Typhimurium wa kuno ndi mtundu wapadera umene anaupatsa dzina lakuti ST313, ndipo chitsanzo chimene ma labotale a dziko lonse amagwiritsa ntchito pophunzira mtunduwu chinachokera m'magazi a mwana wa ku Blantyre. Bakiteriyayu amalowa pakamwa monga anzake, koma akafika m'matumbo sayambitsa phokoso lalikulu. Amawoloka khoma mwakachetechete, amabisala m'kati mwa maselo oyera amene amayenera kumupha, ndipo maselowo amamunyamula kupita naye ku chiwindi, ku kapamba, m'mafupa ndi ku zikopa zokuta ubongo. Kafukufuku wa Calman MacLennan ndi anzake wa mu 2008 anasonyeza kuti ana amagwidwa kwambiri pakati pa miyezi 4 ndi 16, nthawi imene asilikali obwereka kwa mayi atha koma a mwanayo sanakwane. Makanda ocheperapo nawonso amadwala, makamaka obadwa masiku asanakwane, ndipo mwa iwo Salmonella amakonda kusanduka matenda oumitsa khosi amene amapha ambiri ndi kusiya ena olumala.

Malungo, kuchepa magazi, kunyentchera ndi HIV ndi zimene zimamutsegulira njira. Malungo akaphwanya maselo ofiira, ayironi amene amatayika amadyetsa bakiteriyayu, ndipo maselo oyera amafooka. Pachifukwa ichi, mwana amene wapezeka ndi malungo koma sakusintha atalandira mankhwala oyenera ayenera kuganiziridwa za bakiteriya m'magazi. Matendawa anatsika m'zaka zimene ma ARV anafalikira ndi nkhondo yolimbana ndi malungo inakula, koma sanathe, ndipo katemera wa taifodi amene anayamba kuperekedwa mu 2023 sateteza ku mtundu umenewu wa Salmonella.

Matumbo akayamba kuwola

Pali matenda ena amene amaopedwa m'chipinda chilichonse cha ana obadwa masiku asanakwane, amene madokotala amawatcha necrotising enterocolitis, kapena NEC mwachidule. Pafupifupi 9 mwa odwala 10 alionse amakhala ana obadwa msanga, ndipo amene ali pa chiopsezo chachikulu ndi olemera osakwana magalamu 1,500. Nkhaniyi ikutikhudza kwambiri chifukwa lipoti la Born Too Soon la mu 2012 linaika Malawi pamwamba pa maiko onse, ndi ana 18 pa 100 alionse obadwa masiku asanakwane.

NEC sibwera ndi bakiteriya mmodzi wodziwika. Imabwera pamene zinthu zitatu zakumana: khoma losakhwima, mabakiteriya olakwika amene akhazikika m'matumbo, monga Klebsiella, E. coli ndi Clostridium, ndi chakudya chimene mabakiteriyawo akuchifufumitsa. Chitetezo cha mwana wobadwa msanga chimachita mopitirira muyeso chikaona mabakiteriyawa, khoma limatupa, magazi amasiya kuyenda bwino m'timitsempha take, ndipo chigawo cha matumbo chimayamba kufa. Mabakiteriya amalowa m'khoma lakufalo n'kupanga mpweya m'kati mwake, ndipo timathovu ta mpweya timeneti n'timene dokotala amafufuza pa chithunzi cha X-ray. Khoma likabooka, zonse za m'matumbo zimakhuthukira m'mimba.

Chopweteka kwambiri n'chakuti matendawa amakonda kufika pa mlungu wachiwiri kapena wachitatu, pamene mayi wayamba kupuma pang'ono poona kuti mwana wapulumuka masiku oyamba aja. Mayi amene wakhala akufinya mkaka m'kapu maola awiri kapena atatu alionse, usana ndi usiku, amaona namwino akukoka ndi sirinji pa kachubu ka pamphuno asanapereke mkaka wina, ndipo m'malo mwa chifu chopanda kanthu, mukutuluka mkaka wa nthawi yapita wosagayika, wosakanizika ndi zobiriwira. Mimba imene dzulo inali yofewa lero yafufuma, yauma, ikunyezimira, timitsempha tikuonekera, ndipo mwana akulira akaikhudza. Pa thewera pali timizere ta magazi. Nthawi zina chizindikiro choyamba chimangokhala chakuti mwana akuiwala kupuma kwa kanthawi, kapena thupi lake lazizira. Mu 1978 dokotala Martin Bell anagawa matendawa m'magawo atatu, kuyambira pa kungoganizira, kufika pa kutsimikizika, mpaka pa matenda aakulu, ndipo magawo amenewa akugwirabe ntchito atasinthidwa pang'ono.

Chithandizo chimayamba ndi kupumitsa matumbo. Mwana amasiya kulandira chilichonse pakamwa, kachubu kamasiyidwa kotsegula kuti mpweya ndi madzi zizituluka, amaikidwa diripu, ndipo amalandira mankhwala opha mabakiteriya a mumtsempha kwa masiku 7 mpaka 14. Apa amayi ambiri amavutika mumtima, ndipo n'zomveka, chifukwa munthu amene wauzidwa tsiku lililonse kuti mkaka wake ndi moyo wa mwana akuuzidwa tsopano kuti asamupatse. Anamwino ayenera kupeza nthawi yofotokoza kuti kuletsaku n'kwa masiku ochepa, ndi kuti mayi apitirize kufinya kuti mkaka usaume, popeza ndi mkaka womwewo umene adzayambire nawo matumbo akachira. Matumbo akabooka kapena akafa, pamafunika opaleshoni yodula chigawo chowolacho, ndipo nthawi zina dokotala amatulutsira matumbo pamimba kwa kanthawi kuti chimbudzi chizitulukira pamenepo. Opaleshoni yotere imachitika m'zipatala zazikulu zokha, monga ku Mercy James Centre imene inatsegulidwa ku Blantyre mu 2017. Ngakhale m'maiko olemera, ana 20 mpaka 30 pa 100 alionse odwala NEC amamwalira.

Chitetezo chodziwika bwino ndi mkaka wa mayi. Mu 1990 Alan Lucas ndi Tim Cole anatsatira ana 926 obadwa msanga ku Britain, ndipo anapeza kuti NEC inkagwira ana omwa mkaka wa m'chitini wokha kuwirikiza ka 6 mpaka ka 10 poyerekeza ndi omwa mkaka wa m'mawere wokha. Jakisoni wa dexamethasone amene amaperekedwa kwa mayi amene akuoneka kuti abereka msanga, ngakhale cholinga chake chachikulu ndi mapapo, amathandizanso matumbo. Njira ya kangaru, yoika mwana pachifuwa khungu ndi khungu, imamutenthetsa, imachulukitsa mkaka, ndipo imachititsa kuti mabakiteriya oyamba kukhazikika pa iye akhale a mayi ake m'malo mwa a m'chipatala.

Mkaka wa m'chitini, botolo ndi uchi

Pali mabanja amene alibe kuchitira mwina koma kupereka mkaka wa m'chitini, monga pamene mayi wamwalira kapena wadwala kwambiri, ndipo mabanja amenewa ayenera kuuzidwa chinthu chimene ambiri sachidziwa: ufa wa m'chitini, ngakhale chitini chisanatsegulidwe, sukhala wopanda tizilombo kotheratu. Bakiteriya wotchedwa Cronobacter sakazakii amapirira mu ufa wouma kwa miyezi yambiri, ndipo ngakhale sadwalitsa kawirikawiri, akagwira khanda losakwana miyezi iwiri amabweretsa NEC, matenda a m'magazi ndi oumitsa khosi. Mu February 2022 kampani ya Abbott inabweza m'masitolo mkaka wa pa fakitale yake ya ku Sturgis, Michigan, makanda angapo amene anamwa mkakawo atadwala Cronobacter ndipo awiri atamwalira. Mu 2017 kampani ya Lactalis ya ku France inabwezanso mkaka wake m'maiko ambiri chifukwa cha Salmonella.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti madzi awire, asiyidwe osapitirira mphindi 30, ndipo ufa usakanizidwe madziwo akadali pa madigiri 70 kapena kupitirira, kenako mkakawo uziziritsidwe msanga poika kapu m'madzi ozizira. Wotsala utayidwe pakatha maola awiri. Chimene chimachitika m'nyumba zambiri n'chosiyana: madzi amawiritsidwa m'mawa n'kusungidwa mu fulasiki mpaka asanduka ofunda, ufa umasakanizidwa, mwana amamwa theka, ndipo botolo limaikidwa m'chikwama kuti amalize madzulo popeza chitini n'chodula. Mkaka wofunda wosungidwa m'nyengo ya October ndi munda wa mabakiteriya, amene chiwerengero chawo chingathe kuwirikiza pa mphindi 20 zilizonse. Kapu ndi yabwino kuposa botolo chifukwa ilibe makona obisa zotsalira. Uchi nawo usaperekedwe kwa mwana wosakwana chaka, chifukwa umatha kunyamula njere za Clostridium botulinum zimene zimamera m'matumbo a khanda n'kutulutsa poizoni wofooketsa minofu, ndipo mwana amayamba ndi kudzimbidwa, kenako amalobodoka n'kulephera kuyamwa.

Zizindikiro zimene siziyenera kugona m'nyumba

Khanda loyamwa bere limachita chimbudzi chofewa, chachikasu, nthawi zina pakatha kuyamwa kulikonse, ndipo kumeneko si kutsegula m'mimba. Chodetsa nkhawa ndi kusintha: chimbudzi chimene chasanduka madzi olowerera m'thewera, chochuluka kuposa masiku onse, kapena chokhala ndi magazi. Koma kholo limene likudikira chimbudzi chokha lingathe kuchedwa, chifukwa khanda limaonetsa matenda aakulu mwa kuzilala. Ndondomeko ya WHO ya ana osakwana miyezi iwiri imatchula mwana amene wasiya kuyamwa bwino, amene akukomoka kapena kugwedezeka ngati wa khunyu, amene akupuma ka 60 kapena kupitirira pa mphindi imodzi, amene nthiti zikulowa kwambiri popuma, amene thupi latentha kapena lazizira kutsika madigiri 35.5, ndi amene sakutakataka pokhapokha atagwedezedwa. Chizindikiro chimodzi chokha mwa zimenezi n'chokwanira kunyamuka. Kuzizira kumanyalanyazidwa kawirikawiri, chifukwa tinaphunzira kuti matenda amatenthetsa thupi, pamene khanda limene magazi ake adzaza mabakiteriya nthawi zambiri limazizira m'manja ndi m'mapazi, ndipo mwana amene akuyamikiridwa kuti lero wagona bwino osalira angakhale kuti wafooka.

Masanzi obiriwira ngati ndulu, mimba yofufuma yolimba, ndi magazi m'chimbudzi mwa mwana wosakwana miyezi iwiri ndi nkhani ya chipatala chachikulu tsiku lomwelo. Si nthawi zonse pamene chimakhala kamwazi. Angakhale matumbo opotokola kapena otsekeka amene akufuna opaleshoni, kapena kutaya magazi chifukwa chosowa vitamini K, ndipo kusiyanitsa zimenezi sikungatheke pakhomo. N'chifukwa chake alangizi a zaumoyo a m'zipatala za m'midzi amathandiza ana a miyezi iwiri kupita m'tsogolo, koma ocheperapo amawatumiza.

Nkhani ya liwombo iyenera kukambidwa mwaulemu. Agogo athu anaona bwino kuti mwana amene liwombo lake lalowa ali pa ngozi, ndipo sanalakwitse. Chimene chimalowetsa liwombo, komabe, ndi kutha kwa madzi m'thupi, ndipo chimayenda limodzi ndi maso olowa m'kati, m'kamwa mouma, matewera osanyowa mkodzo kwa maola 6 kapena kupitirira, ndi khungu la pamimba limene ukalitsina limachedwa kubwerera. Mankhwala omata pamutu sangabwezere madziwo, ndipo omwetsa amaonjezera tizilombo tina m'matumbo odwala kale. Liwombo lotukuka, mbali inayi, limaloza ku matenda oumitsa khosi. Kunena kuti mwana akumera mano sikungagwire ntchito pa khanda la milungu 6, ndipo mkaka wa mayi susasa kapena kuwonongeka chifukwa chakuti iye wadwala kapena waima.

Pa ulendo wa ku chipatala mwana akhale pachifuwa cha mayi, khungu ndi khungu, atafundidwa ndi kuvala chipewa, ndipo aziyamwitsidwa pafupipafupi kuti shuga wa m'magazi asatsike, pokhapokha ngati akusanza zobiriwira kapena mimba yafufuma. Ngati akutsegula m'mimba ndipo akutha kumeza, Thanzi ORS wosungunula paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa angaperekedwe pang'onopang'ono kuonjezera pa bere. Madzi amenewa amagwira ntchito chifukwa khoma la matumbo lili ndi khomo limene shuga ndi mchere zimalowera limodzi zikukoka madzi, ndipo khomo limeneli limakhalabe lotsegula ngakhale poizoni wa bakiteriya akugwira ntchito. Mankhwala oimitsa kutsegula m'mimba, monga loperamide, ndi oopsa kwa makanda chifukwa amaumitsa matumbo n'kutsekera mabakiteriya m'kati. Bactrim kapena Flagyl wogula pa golosale n'kuphwanyira pa supuni sachiza matendawa, ndipo amasokoneza zotsatira za ku labotale.

Zimene chipatala chimachita, ndi vuto la mankhwala osagwira

Khanda lotere likafika, limayezedwa shuga, limatenthetsedwa, limaikidwa diripu, ndipo kumene kuli labotale yoyenera amatenga magazi kuti aone bakiteriya amene angamere. Nthawi zambiri amapemphanso kutenga madzi a pamsana. Makolo ambiri amakana poopa kuti singanoyo imapha, chifukwa anaonapo mwana akumwalira atatengedwa madziwo. Choonadi n'chakuti amene amatengedwa madzi a pamsana ndi ana odwala kwambiri kale, ndipo chimene chimawapha ndi matendawo. Kuyezaku n'kumene kumauza dokotala ngati bakiteriya wafika ku ubongo, zimene zimasintha chithandizo kuchoka pa masiku 7 kapena 10 kufika pa milungu itatu. Mankhwala amaperekedwa mumtsempha chifukwa matumbo odwala sangadaliridwe kuwayamwa, ndipo oyambira amakhala benzylpenicillin kapena ampicillin pamodzi ndi gentamicin, kapena ceftriaxone, kuonjezerapo metronidazole ngati akuganizira NEC. Kwa ana okulirapo a kamwazi, WHO imalangiza ciprofloxacin kwa masiku atatu, ndipo ana a miyezi iwiri mpaka 6 otsegula m'mimba amapatsidwa zinki tsiku lililonse kwa masiku 10 mpaka 14.

Vuto limene likukula ndi lakuti mankhwalawa akuchepa mphamvu. Salmonella wa ku Blantyre anasiya kumva ampicillin, chloramphenicol ndi cotrimoxazole cha m'ma 2002, ndipo madokotala anasamukira ku ceftriaxone. Kafukufuku wa Patrick Musicha ndi anzake, wofalitsidwa mu 2017, anaonetsa kuti pa chipatala cha Queen Elizabeth, Klebsiella wosamva mankhwala a gulu la ceftriaxone anakwera kuchoka pa 12 pa 100 alionse mu 2003 kufika pa 90 mu 2016, ndipo E. coli anakwera kuchoka pa ochepera mmodzi kufika pa 30. Mabakiteriya awiriwa amakhala m'matumbo, ndipo m'chipinda chodzaza makanda amayenda pa manja, pa makapu ndi pa machubu. Mankhwala amene angawagonjetse, monga amikacin ndi meropenem, ndi odula ndipo sapezeka paliponse, kotero kuti madzi oyenda, sopo ndi malo okwanira pakati pa mwana ndi mnzake ziyenera kuwerengedwa ngati mbali ya chithandizo m'zipinda za makanda.

Kutuluka m'chipatala sikutanthauza kuti ngozi yatha. Kafukufuku wa GEMS uja anapeza kuti mwana amene wadwala kutsegula m'mimba kwambiri anali pa chiopsezo chomwalira m'miyezi iwiri yotsatira chochuluka kuposa ka 8 poyerekeza ndi mnzake amene sanadwale, ndipo imfa zambiri zinkachitika patapita mlungu, zambiri mwa izo kunyumba. Timizu toyamwa chakudya timatenga milungu kuti timerenso, ndipo m'nthawi imeneyi mwana amayamwa koma osanenepa, chitetezo chake chili pansi. Mwana amene anadwala NEC angathenso kupanga chipsera chimene chimapanikiza matumbo patapita milungu ingapo, ndipo chimaonekera mwa kusanza, kufufuma mimba ndi kuvutika kuchita chimbudzi. Mwana wotere asadikire tsiku la sikelo la mwezi wamawa. Abwerere pa tsiku limene chipatala chalemba m'buku lake, ayezedwe kulemera mlungu uliwonse kufikira mzere wa pa khadi utayambanso kukwera, ndipo akasiya kuyamwa bwino, akazizira kapena mimba ikafufumanso, abwezedwe ku chipatala tsiku lomwelo, bukulo lili m'manja kuti wolandira adziwe mankhwala amene anaperekedwa kale.